Bere la a Mulipa

Kempton Park, Joni
21 Febuluwale 1999

Okondedwa amake Mervis,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino inuyo, mwana wathu Mervis, kamdzukulu kanga Timoti ndi onse a pa Ndunde. Ine kuno ndilipo. Ntchito ya m'maluwa kwa azungu anga ikuyenda monga kale.

Dzanja lachilendo mukulionali ndi la a Stefano a ku Mbulumbuzi, mdala mnzanga, alonda a pa sitolo ya matayala. Amene ankandilembera uja anabwerera kwawo. Ine cholembera sindinachigwirepo ndipo sindichita nazo manyazi, poti malata ali pa nyumba yanuwo sanakhomedwe ndi sukulu. Kumeneko ndikudziwa kuti akukuwerengerani ndi achimwene anu a Kalinde monga mwa masiku onse. Alamu, moni. Muwerenge zimene zalembedwa. Zoonjezera zanu zija musunge, mudzandiuze ndikabwera.

Ndatumiza bulangete limodzi, sopo ndi nsapato za Timoti pa galimoto ya katundu yofikira ku Limbe. Nsapatozo ndagula zazikulu dala, mwana amakula. Munati chimanga chamasula bwino kumunda wa kumtunda. Mupalire msanga, udzu usaphimbe nandolo. Mbuzi yaikazi ija musaimangirire pafupi ndi munda wa eni, chaka chatha tinamva zokwanira. Pakhomo podontha paja musaitane munthu, ndidzakonza ndekha. Ikanipo beseni.

Kanthu kamodzi. Pachifuwa panga, mbali ya kumanzere, patupa ndipo pafiirira. Pakutentha ngati munthu waikapo mbatata yochokera pamoto. Ndimati kapena chilipo chandiluma m'maluwa. Adona anandiona ndikukoka paipi ya madzi ndi mkono umodzi, basi ananditengera ku kiliniki. Kumeneko akuti ndi chithupsa chimene chikufuna potulukira, andipatsa mapiritsi a masabata awiri. Ndakuuzani chabe kuti musadzamve kwa ena. Munthu amene mwala unamugwera mu mgodi nthawi ya Wenela n'kudzuka yekha sangagone chifukwa cha chithupsa.

Mupereke moni ku mpingo.

Ndine mwamuna wanu,
Lackson Mulipa


18 Epulo 1999

Amake Mervis,

Moni nonse. Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndakondwa kuti katundu anafika, ngakhale mukuti sopo anafika wochepa. Oyendetsa galimoto nawonso amasamba. Ine ndilipo, ndikudzuka, ndikugwira ntchito.

Mwafunsa za chithupsa. Sichinatuluke. Mapiritsi ndinamwa onse, anandipatsa a mtundu wina, ndinamwanso. Khungu la pamalopo lalimba, lachita timaenje ngati khoko la lalanje. M'khwapa mwatuluka mwanabere. Malaya akakhudza ndimamva, ndiye ndikugwira ntchito nditamasula mabatani. Kupweteka kwenikweni ayi. Kulemera chabe, ngati ndaika mwala m'thumba la malaya.

A ku kiliniki anandilembera pepala lopita nalo ku chipatala chachikulu. Ndinapita Lachiwiri. Zipatala za kuno zasokonekera, amake Mervis. Ndinaonetsa pepala pa windo, anandilozera khonde lalitali, ndipo nditafika ndinapeza mabenchi odzaza azimayi okhaokha, ena ana kumbuyo, ena a imvi. Mwamuna panalibe ngakhale mmodzi. Namwino anandiyankhula m'Chizulu, amvekere, "Madala, amuna operekeza amadikira panja. Akazi anu ndi ati?" Ine ndinati akazi anga ali ku Chiradzulu, akukolola chimanga. Anatenga pepala, analiwerenga kawiri, anandiyang'ana pachifuwa, kenako anati, "Khalani pamenepo." Azimayi anasendeza zikwama zawo. Wina kumbuyo ananena kanthu, anzake anaseka atagwira pakamwa.

Ndinakhala mpaka dzuwa linafika pa windo. Kenako ndinavala chipewa n'kubwerera ku ntchito. Ine ndinavinidwa kwathu ku Mpama, zaka zanga zapitirira sikisite, sindingakhale pa mzere wa azimayi chifukwa kalaliki wina walakwitsa chitseko. A Stefano akuti pepala silinalakwe. Ndawauza kuti ntchito yawo ndi kulemba.

Chimanga chiume bwino musanaike m'nkhokwe, ndipo nkhokwe yaing'ono ija muimate kaye pansi, makoswe anaboola. Ogula akabwera ndi masikelo awo musawapatse ngakhale ndowa imodzi. Chaka ndi chachitali.

Ndamva kuti alamu apereka dimba la kumtsinje kwa mwana wa achemwali anu aang'ono. Malo ndi anu a kuchikazi, eni mbumba ndi iwo, ine pamudzipo ndinabwera ndi khasu lokha. Sindinena kanthu. Koma mitengo ya mango itatu ili m'dimbamo ndinabzala ndine, Mervis ali m'mimba. Alamu muwerenge bwino pamenepa.

Ine,
Lackson Mulipa


30 Meyi 1999

Amake Mervis,

Moni kwa inu ndi ana. Kuno kwayamba kuzizira, m'mawa udzu umayera. Ndikhulupirira kumeneko muli bwino.

Ku chipatala kuja ndinabwererako. Mkono wa kumanzere unayamba kulemera mpaka fosholo inandipulumuka adona akuona. A Stefano anabwera tsiku lawo lopuma n'kukhala pakhomo panga pa chidebe, osachoka, mpaka ndinavala nsapato.

Anandiimika pa makina ena amene amapana mnofu pakati pa mbale ziwiri, monga kalipentala amapanira thabwa. Kenako anabaya singano yaikulu n'kuchotsa kamnofu ndi kakhungu pang'ono. Patapita masiku khumi anatiitana. Dokotala wake ndi mayi wachimwenye, wamng'ono, sangapose Mervis. Iye amayankhula Chingerezi, namwino n'kumandiuza m'Chizulu, a Stefano n'kumandibwerezera m'Chinyanja ngati ndine wogontha.

Matendawa dzina ali nalo. Andiuza. Koma sindilinena m'kalata imene ikudutsa m'manja mwa munthu kuno ndi pakamwa pa munthu kumeneko isanafike m'khutu mwanu. Mudziwe chabe kuti ndi a pachifuwa. Akuti ndi osowa, chiyambire ntchito sanaonepo munthu ngati ine, mpaka anaitana anzake anayi kudzandiona nditavula malaya. Akuti mtundu umene ndili nawowu umathamanga, sudikira munthu. Anandifunsa chifukwa chimene ndinathawira mu Epulo. Ndinati sindinathawe, ndinapita ku ntchito.

Ayamba ndi mankhwala a m'botolo olowera mu mtsempha, kamodzi pa masabata atatu, mpaka kasanu ndi kamodzi. Pakaphwa adzadula. Akadula adzawotcha ndi magetsi. Zonsezi ndinamva ngati akunena za munthu wina. Pobwerera tinagula buledi, ndinafika n'kuthirira maluwa monga mwa masiku onse.

Anandifunsanso za mayi anga ndi achemwali anga a Elsie, kuti anamwalira ndi chiyani. Inu mukudziwa kuti nkhani imeneyo sindikamba. Ndinamuyankha mwachidule, iye analemba nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati ndili ndi mwana wamkazi. Akuti matendawa nthawi zina amayenda m'magazi, ndiye mwanayo azikapimidwa. Ndinamuuza kuti kwathu si mmene zimakhalira. Mwana ndi wa kuchikazi. Mervis ndi wa mtundu wanu, wa mbumba ya a Kalinde, za kwa mayi anga ku Mpama sizimukhudza. Dokotala anati magazi sadziwa zimenezo. Ndinamusiya. Mwana wa dzulo sangandiphunzitse za mtundu.

Adona akuti ntchito sindichotsedwa, ndizigwira masiku amene ndingathe. Musade nkhawa, ndipo musauze anthu kuti ndikudwala. Bulangete lija mufunde ndinu, musapatse alendo.

Lackson Mulipa


15 Ogasiti 1999

Amake Mervis,

Moni. Pepani ndakhala chete miyezi iwiri. A Stefano amabwera ndi pepala, ine mawu kulibe.

Botolo ndalandira kanayi, kwatsala kawiri. Mankhwala ake ndi ofiira, ndipo tsiku limenelo mkodzo umatulukanso wofiira. Masiku atatu otsatira ndimagona ndi ndowa pambali. Chakudya chilichonse chimamveka ngati ndikunyambita khasu. Tsitsi linatha lonse, ndevu, nsidze zomwe. Lezala ndapatsa a Stefano. Kutupa kwaphwa pang'ono, dokotala akuti ndi bwino. Ine sindikumva kuti ndi bwino kapena ndi zoipa. Ndimapita, ndimakhala, amandibaya, ndimabwerera.

M'chipinda cholandirira botolo timakhala pa mipando yoyang'anizana. Pali mayi wina wa ku Tembisa, wogulitsa nkhuku, msinkhu wa Mervis. Amandisungira mpando wa pafupi ndi windo. Amati, "Baba, lero mwapesa bwino," chonsecho tonse awiri mitu ili mbee. Sindimuyankha kawirikawiri, koma mpandowo ndimakhalapo.

Mwafunsa mozungulira ngati ndi matenda a masiku anowa, poti anthu pa Ndunde ayamba kunena. Magazi anandipima, si amenewo. Inu mtima ukhale pansi. Koma anthuwo musalimbane nawo, asiyeni anene zimenezo. Bola zimenezo.

Tsopano za Mervis. Mwalemba kuti chimuletsereni Timoti kuyamwa, m'bere lake la kumanja mwatsala kanthu kolimba ngati mtedza, kosapweteka, ndipo azimayi akuti ndi mkaka wouma. A Stefano anandiwerengera pamenepo kawiri. Ndinatuluka kukatseka madzi amene ndinasiya akuthirira kapinga, ndinabwerera, anandiwerengeranso.

Mervis apite ku chipatala cha pa Ndunde sabata ino. Akanene kuti akufuna kalata yopita nayo ku boma, ndipo a ku boma akamutumize ku Blantyre. Asalole mapiritsi chabe. Bambo ake a Timoti chipitireni ku Mulanje kukathyola tiyi sanabwerere, ndiye wonena ndine. Musandifunse chifukwa. Ndanena ine bambo ake, basi.

Pano a Stefano aika cholembera pansi, akuti, "Achimwene, auzeni anthu chifukwa chake." Ndawauza kuti atole cholembera. Atola, ndipo alemba ndi zimene anenazo, akuti kuti mudziwe kuti iwo ananena.

Nandolo akauma musachedwe kuthyola, mbuzi za eni azimasula posachedwa.

Lackson Mulipa


10 Okutobala 1999

Amake Mervis,

Moni. Ndili moyo. Mabotolo atha. Andipatsa tsiku la opaleshoni, pa 9 Novembala.

Kalata yanu yafika, ndipo mawu ambiri ali m'menemo si anu, ndawazindikira. Alamu, ndiye ndiyankhe inu.

Mukuti Mervis munapita naye kwa asing'anga, anamutema mphini, ndipo akuti ndi mkaka, udzasungunuka wokha mvula ikagwa. Mukuti ino ndi nthawi yogalauza, munthu sangasiye munda kukagona pa khonde la chipatala ku Blantyre chifukwa cha kanthu kosapweteka. Mukuti mkamwini ali ku Joni sangalamule mbumba ya eni pa kalata, popanda ngakhale chifukwa. Ndamva zonse.

Za mwambo ndikuzidziwa, sindinabadwe dzulo. Mwana ndi wanu. Pa ukwati wake munayankhula ndinu, ine ndinakhala kumbuyo. Dimba munagawa, ndinakhala chete. Zaka sate faifi ndakhala pamudzi panu sindinakupemphenipo kanthu, ngakhale nkhwangwa. Lero ndikuti mwanayo apite ku Blantyre. Munda ugalauzidwe ndi aganyu, za aganyuwo ndi zanga.

Chifukwa mukuchifunacho ndili nacho. Ndi changa.

Amake Mervis, inu ndinu mayi ake. Mugwireni pamalopo nokha, muone ngati kakula kuyambira mu Ogasiti. Mupimenso m'khwapa. Mundiyankhe msanga, musadikire galimoto ya katundu, ponyani pa positi.

A Stefano akuti iyi ndi kalata yomaliza kundilembera ngati sindinena zoona. Akuti dzanja lawo latopa kuzungulira. Alonda amayankhula kwambiri masana poti pa ntchito yawo alibe woyankhula naye.

Mbewu ya chimanga musatenge ya m'nkhokwe yaing'ono, inafumbwa.

Lackson Mulipa


5 Disembala 1999

Amake Mervis, ndi inu alamu a Kalinde,

Moni nonse. Ndatuluka m'chipatala, ndili kunyumba, ndikuyenda pang'onopang'ono. A Stefano abwera ndawaitana ndekha.

Yankho lanu ndinalipeza nditatuluka. Mukuti kanthu kaja kakula, tsopano kali ngati dzira la nkhunda, ndipo Mervis akulimabe.

Lachinayi ndinapita kukachotsa ulusi. Ndinadutsa pa chipinda cha mabotolo kuti ndimuone mayi wa nkhuku uja. Pa mpando wake panali munthu wina. Namwino anati anamwalira ndili m'chipinda cha odulidwa. Akuti iye anakaona kanthu kake kali kang'ono, anakhala nako miyezi isanu ndi itatu akuti ndi mkaka. Wasiya ana awiri. Namwino ananena zimenezi akupinda nsalu, ine ndinati zikomo, ndinapita kukachotsa ulusi.

Alamu, werengani pang'onopang'ono, ndipo musadumphe.

Matenda anga ndi khansa ya m'bere. Bere la kumanzere. Ine Lackson Mulipa. Mzere wa azimayi ndinakuuzani mu Epulo uja, kalaliki sanalakwitse chitseko, unali mzere wanga. Akuti mwamuna nayenso ali ndi bere, laling'ono chabe, ndipo mwa anthu handiredi odwala matendawa mwamuna amakhala mmodzi. Mmodziyo ndine. Adula lonse, ndi nsonga yomwe, mpaka m'khwapa. Pachifuwa panga pali mzere umodzi wautali ngati pamene padutsa khasu, mbali inayo palibe kanthu.

Mayi anga anamwalira ndi bala la m'bere. Ine ndinali mnyamata, ndisanapite ku Wenela. Linayamba ngati mtedza, linaphulika, m'nyumba simunkalowa munthu chifukwa cha fungo. Tinati anawalodza, ndipo mayi wina wa pamudzi pathu tinamuthamangitsa chifukwa cha nkhaniyo. Achemwali anga a Elsie chimodzimodzi, bere la kumanja, inu munangomva kuti anatupa. Tinabisa poti zinali zamanyazi. Tsopano ndine. Awiri a m'mimba imodzi ndi mayi wawo, kunena kuti mayi, mwana wamkazi ndi mwana wamwamuna.

Dokotala anandiuza mu Meyi kuti zimenezi zimatha kudutsa mwa bambo kupita kwa mwana. Ndinakana. Ndinati Mervis ndi wa kuchikazi. Pa munda ndi wa kuchikazi, pa maliro ndi wa kuchikazi, pa milandu ndi wanu alamu. Koma magazi ali m'thupi mwakemo theka ndi anga, ndipo chimene ndamupatsa ndi chimenechi. Malata ndinapatsa nyumba, mwana ndamupatsa ichi.

Mu Ogasiti ndinadziwa. Ndinakhala chete chifukwa sindinafune kuti mawu akuti bere atuluke pakamwa panu alamu akunena za ine. Ndinaona mmene mudzapindire kalata, mmene mudzakhosomolere, mmene zidzamvekere pa bawo. Ndinalola kuti anthu azinena kuti ndili ndi matenda a chiwerewere, ndipo amake Mervis anasenza manyazi amenewo pa chitsime popanda chifukwa.

Ndiye chifukwa munachifuna chija ndi chimenechi. Mukafuna kuseka sekani, muuze amene mufuna, muwerenge kalatayi pa mpingo ngati mufuna. Koma mawa m'mawa mwanayo akwere njinga. Dokotala wandilembera pepala la Chingerezi lonena za matenda anga ndi a mayi anga, ndaliika m'kalata muno. Mukalipereke m'manja mwa dokotala ku Queens ku Blantyre, osati kwa mlonda wa pa geti, osati kwa kalaliki. Akuti kanthu kosapwetekako ndi kamene kamaopsa, ndipo mphini sizifikako.

Sindinagwadirepo munthu, alamu, inu mukudziwa. Pano kugwada sindingathe chifukwa cha bala, koma muone ngati ndagwada. Mwana ndi wanu. Mutengeni.

Ine mlamu wanu,
Lackson Mulipa


27 Febuluwale 2000

Amake Mervis,

Moni kwa inu, kwa Mervis, kwa Timoti. Moni alamu.

Kalata yanu inafika mochedwa, koma inafika. Ndamva kuti alamu atawerenga anapita kukapopa njinga. Ndamva kuti anamukweza Mervis okha mpaka pa msewu, ndipo ku Blantyre anagona pa khonde la chipatala masiku asanu ndi anayi, munda wawo uli m'tchire. Pansi pa kalata panali mzere umodzi wa iwo eni, wakuti, "Alamu, ndamva." A Stefano anandionetsa ndi chala pamene pali mawuwo. Nanenso ndamva, alamu.

Ndiye Mervis anamudula mu Januwale, bere la kumanja, ndipo m'khwapa anapezamonso tiwiri. Mukuti makina owotchera kwathuko kulibe, amupatsa mapiritsi, azipita kukaonedwa mwezi ndi mwezi, ndipo madokotala akuti tidikire tione. Mukuti akudya, wayamba kutuluka panja, koma mkono sukukwera ndipo sakufuna kuti anthu amuone.

Ine kuwotcha ndamaliza, masabata asanu, tsiku ndi tsiku. Sikupweteka, umangogona pa thabwa makina n'kumalira. Khungu lapsa ngati la mbuzi yowauka. Pa tsiku lomaliza ndinamufunsa dokotala wanga funso limodzi. Ndinati kuchokera Ogasiti kufika Disembala ndi miyezi inayi, kodi kwa munthu wa msinkhu wa Mervis miyezi inayi ndi yambiri? Anati sangadziwe asanamuone. Ndinati ndikufunsa inu monga munthu. Anayang'ana pepala nthawi yaitali, kenako anati, "Bola anapita." Sindinafunsenso.

Msana wayamba kundipweteka, pansi pa mapewa. Anajambula, akuti zafika ku mafupa. Kudula kwina kulibe. Andipatsa mapiritsi omwa limodzi pa tsiku, oti mwina n'kuchedwetsa, ndi ena a ululu. Atandiuza ndinafunsa ngati basi ya folo koloko ndiipeza. Ndinaipeza.

Adona ndawauza kuti apeze munthu wina wa maluwa. Ndinyamuka kuno kumapeto kwa Malichi, tsiku lenileni ndidzatumiza uthenga. Pa Limbe pabwere munthu mmodzi yekha, katundu ndilibe wambiri. Mudzandizindikira ndi chipewa, poti nkhope yasintha. Anthu akafuna kudzandiona musawabweze, ndipo akafunsa matenda muwauze dzina lake. Ana a achemwali anga a Elsie ku Mpama, aakazi awiri aja, wina apite akawauze kuti ndikufuna kuwaona sabata yoyamba.

A Stefano akupereka moni. Akuti ine ndikapita akhala opanda ntchito.

Za mkono wa Mervis. Asausiye uli chopinda, uuma. Kuno anatiphunzitsa chochita, ndipo mumuuze ndendende mmene ndikuneneramu. M'mawa aime moyang'ana khoma, phazi limodzi kuchokera pakhomapo. Aike zala za mkono wodulidwawo pa khoma, n'kumaziyendetsa kukwera m'mwamba pang'onopang'ono, mpaka pamene pakuwawa. Pamenepo aime, apume katatu, alembe ndi khala. Mawa ayese kupitirira mzere wa dzulo, ngakhale ndi chala chimodzi. Alira, koma asasiye. Ine ndinayambira pa phewa, pano ndikufika pamwamba pa chitseko.

Achite pa khoma la kuseri, loyang'ana ku khola, kumene anthu sadutsa. Koma asalembe pakati. Ayambire mbali ya kumanja, ya kumanzere andisiyire.

Ndine mwamuna wanu,
Lackson Mulipa